Ndinawerengera Bambo Ake Mawu Amene Ndinalemba

Abale ndi alongo, ndakulonjerani nonse. Ine si munthu wozolowera kuyankhula pagulu, choncho ndingolunjika. Ambiri mwa inu muli m'chaka choyamba cha koleji. Ndikuona mafoni ali m'manja. Musawabise, asiyeni pomwepo, chifukwa nkhani yanga yagona pa chinthu chimenecho.

Dzina langa ndine Yohane Mbewe. Ndinalowa koleji ndili wokwatira kale. Mkazi wanga Enelesi ankagulitsa kaunjika pamsika wa Mitundu, ndipo tinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa chigayo. Tinali ndi mwana mmodzi, Tamanda, wa zaka zitatu. Ndili m'chaka chachitatu, nthawi yokolola chimanga, Enelesi anadwala masiku anayi, n'kutisiya. Za imfa yake ndinena zokhazo.

Maliro anachitikira kwawo, mudzi wina kupitirira Nathenje, polowera ku Diamphwe. Inu a kuno mukudziwa mwambo wathu: mwana ndi wa kuchikazi. Mkazi akamwalira pamapita miyezi, kenako abale ake amakuitana kudzakusudzula, kukumasula kuti ukwati watha, ndipo tsiku lomwelo amanenanso za ana. Mwini mbumba anali atsibweni a Enelesi, a Kachingwe, kapitawo wa pa esiteti ya fodya, munthu woseka msanga koma wosaiwala kanthu. Titaika maliro anandikokera pambali n'kundiuza kuti Tamanda ayambe wakhala ndi agogo ake. Akaona mmene ndayendera m'miyezi ya chisoni, adzandipatsa mwanayo ndikalere ndekha. Mawu amenewo ndinawagwira ndi manja awiri. Ndinalibe china chotsala.

Anzanga a m'kalasi anatumiza nthumwi zitatu kudzapepesa. Wotsogolera anali Zainabu, mtsikana amene ankatiposa tonse pamayeso. Pamaliro a kumudzi chipepeso sapereka m'manja mwa woferedwa. Pamakhala anthu osankhidwa olandira, n'kulengeza pagulu. Koma a m'kalasi anali atalamula nthumwizo kuti zijambule chithunzi katundu akufika m'manja mwanga, poti kumbuyoku kunali miseche yakuti nthumwi zina zinadyera chipepeso panjira. Ndiye Zainabu anachoka kumene kunakhala amayi, n'kudutsa pabwalo ponse, n'kudzagwada pamene panakhala abambo. Anandipatsa jumbo ya shuga ndi sopo, n'kunena motsitsa kuti ndibwerere msanga, kalasi yazizira, palibenso wotsutsana ndi aphunzitsi pa zinthu zimene sakuzidziwa. Ndinamwetulira. Kanali koyamba sabata yonseyo, ndipo sikunathe ngakhale mpweya umodzi. Wojambula anadina nthawi yomweyo.

Patapita masiku awiri chithunzicho chinatuluka pa tsamba la ophunzira, lija aliyense amalembapo ndi dzina lililonse limene wafuna. Pansi pake panalembedwa kuti, "Manda asanaume, wolowa m'malo wafika kale." Pofika madzulo chinali chitafika kumudzi. A Kachingwe anandiimbira foni. Anati aona chithunzi changa chokongola, ndipo tidzakambirana tsiku lake likadzakwana. Anaseka pang'ono n'kudula.

Chithunzicho chinajambulidwa ndi foni ya Zainabu. Kwa ine umboni unali wokwana. Sindinamufunse, sindinafunsenso wina aliyense. Ndinatsegula akaunti yatsopano n'kudzitcha Nankafumbwe.

Kuchokera apo zinayenda mofulumira. Ndinayamba n'kulemba kuti malikisi a Zainabu sachokera ku laibulale. Anthu anaseka. Mawa lake ndinamujambula mobisa akulowa mu ofesi ya mphunzitsi kukapereka ntchito ya m'kalasi, ndinadula pepala limene linali m'manja mwake kuti lisaoneke, n'kulembapo mawu anga. Kenako ndinanyoza mpango wake wa kumutu, kuti ukubisa zambiri. Ndinapeka mayina a amuna, ndinapeka malo ogona alendo. Sabata isanathe sindinalinso ndekha. Anabwera amene Zainabu anawaposa pamayeso. Anabwera anyamata amene anawakana. Anabwera atsikana amene ankaopa kuti akapanda kuseka nawo, mawa Nankafumbwe alowa m'nkhokwe mwawo. Ambiri anali oti alibe naye chifukwa chilichonse, anangokhala ndi bandulo yotchipa ndi masana aatali opanda kalasi.

Ine makalasi ndinasiya. Ndinkadzuka, kulemba, kupita kuseri kwa msika kukamwa kachasu dzuwa lili pamutu, kubwera kudzaona kuti ayankha angati. Ndikuuzeni zoona, poti ndi zimene ndabwerera. Nyumba ija inali zii. Zovala za Enelesi zinali pa chingwe cha kuchipinda mmene anazisiyira. Foni ikanjenjemera ndinkamva kuti kwinakwake kuli anthu amene akundimvera. Pamaliro sindinalire, ankandiuza kuti ndilimbe mtima ngati mwamuna, ndipo ndinalimbadi. Chisoni chimene ndinachitsekera khomo chinatulukira pa zala.

Pali chinanso. Ife tinabadwa matipate atangoyamba. Makolo athu anatilera ndi nkhani za nthawi imene munthu ankaopa kuyankhula ngakhale m'nyumba mwake, ndipo tinakula tikumva kuti tsopano pakamwa ndi paufulu. Zimenezo n'zoona, ndipo n'zabwino. Koma amene anamenyera ufuluwo ankayankhula nkhope zawo zikuoneka, podziwa chimene chingawagwere. Ine ndinkayankhula nditabisala, chondigwera panalibe. Ndinkati ndi ufulu, chikhalirecho unali mantha wamba.

Zainabu anayamba kukhala kumbuyo m'kalasi, kenako anasiya kubwera kodyera, kenako ananyamula katundu wake mayeso atatsala pang'ono. Nditamva ndinati chilungamo chachitika. Ndinalembanso zina ziwiri iye atapita kale.

Loweruka lina ndinanyamuka kukaona Tamanda. Ndinatsika pa Nathenje kuti ndigule sopo ndi shuga, ndisafike kwa apongozi chimanjamanja. Ndinalowa m'sitolo ina ya m'mbali mwa msewu, yoti sindinalowemo chiyambire. Munali bambo wachikulire wovala kachisoti koyera, akumanga mpunga m'timapepala. Anandiyang'ana nthawi yaitali kuposa mmene wogulitsa amayang'anira wogula.

"Inu si bambo aja oferedwa? A pachithunzi?"

Ndinavomera. Anatsegula kachitseko ka kauntala, anandipatsa mpando, n'kundithirira tiyi wa m'fulasiki. Anati iwo ndi Che Yusufu, bambo ake a Zainabu. Ndinkadziwa kuti kwawo ndi ku Nathenje, koma sitoloyo sindinkaidziwa. Ndinafuna kuthawa, koma kapu inali kale m'manja.

Anandipepesa za maliro. Anati ine ndi mwana wawo atilakwira limodzi. Zainabu anali m'nyumba ya kuseri kwa sitoloyo, sabata yachitatu osatuluka, kudya kochita kumukakamiza. Banja la mnyamata amene anadzamufunsira ukwati linali litatumiza uthenga wakuti ayambe aima kaye, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo la kuima kumeneko. Foni anachita kumulanda chifukwa ankangokhalira kuwerenga. Atanena zimenezi anatsegula kabati n'kuitulutsa.

"Aliyense akungondiuza kuti n'zoipa. Palibe amene akufuna kundiuza mawu ake. Maso angawa atopa, ndipo zambiri zili m'Chizungu. Inu ndinu ophunzira, mundiwerengere. Ndidziwe chimene ndikulimbana nacho."

Ndinati mwina si bwino kuti kholo limve zoterezi. Anati kholo limatsuka chilonda, silifunsa ngati chikununkha.

Ndinawerenga. Abale anga, mawu amene umalemba uli wekha, chala chikuthamanga, amamveka mwina ukamawatchula ndi pakamwa pako, bambo wa munthuyo ali pafupi moti ukumva kupuma kwake. Za m'Chizungu ankandiimitsa kuti ndimasulire. Ndinkafunafuna mawu ofewa, iwo n'kunena kuti ayi, nenani mmene alembera. Ndinamasulira za ofesi ya mphunzitsi. Ndinamasulira za malo ogona alendo. Pakati pake panalowa mayi wina kudzagula machesi. Che Yusufu anaimirira, anamugulitsa, anamufunsa za mwana wake wodwala, mayiyo n'kutuluka. Anakhalanso pansi n'kunena kuti ndipitirize.

Nditafika pa za mpango anandiuza kuti ndibwereze. Ndinabwereza. Anati mpango umenewo anamugulira ndi iwowo tsiku limene anasankhidwa kupita ku koleji. M'thumba mwanga foni yanga inanjenjemera. Ndinadziwa kuti ndi munthu wina akuyankha Nankafumbwe. Inanjenjemeranso. Ndinaika dzanja pathumbapo ngati ndikukanda.

"Ameneyu si mlendo," anatero Che Yusufu. "Taonani, akudziwa mpando umene amakhala. Akudziwa tsiku limene amapereka ntchito. Ndi wa m'kalasi mwanu. Simungamuganizire?"

Ndinati m'kalasi tilimo ambiri.

Anagwedeza mutu. Kenako anandiuza chimene sindinafune kufunsa miyezi yonseyo. Zainabu anatumiza chithunzi chija ku gulu la kalasi monga anamulamulira, basi. Amene anachitenga n'kulembapo za manda anali wina. Mwana wawo ataona analira chifukwa cha ine, ndipo anafuna kupita yekha kwa apongozi anga kukafotokoza, koma iwo anamuletsa poopa kuti zingaoneke ngati miseche ija ndi yoona. Anali atamvanso kwa anthu a kumudzi kuja, amene amagula m'sitolomo, kuti nkhani ya mwana wanga yaima pa chithunzicho.

"Ine ndaganiza," anatero. "Lachitatu nditseka sitolo, ndipite kwa a Kachingwe. Timadziwana, amagula misomali muno. Ndikawauza kuti inu ndinu munthu wabwino, pakati pa inu ndi mwana wanga palibe kanthu. Wanga amuwononga kale. Wanu asakutayikeni chifukwa cha bodza."

Ndikanakonda kukuuzani kuti ndinagwada pomwepo. Sindinatero. Ndinati zikomo kwambiri bambo, ndinatenga sopo ndi shuga wanga, n'kutuluka.

Ndinakafika pa siteji n'kukhala pa kalavati. Maminibasi a ku Dedza ankaima, makondakitala n'kumandikoka malaya, ine osakwera. Nkhani inali poyera. Ndikangokhala chete, Lachitatu mkulu uja apita kukandiyeretsa, ndipo Tamanda ndimutenga. Palibe akanadziwa. Ndikanangofufuta akauntiyo, Nankafumbwe n'kufa imfa yake. Ndikanena, ndiye kuti ndapereka kwa a Kachingwe chifukwa chenicheni chondimana mwana, choposa chithunzi chija kutalitali.

Ndinakhala pamenepo mwina ola lathunthu. Chimene chinandidzutsa si nzeru za ku koleji. Pafupi nane panali mayi atayala kaunjika, ndipo ndinkaona mmene akupindira malaya kuti pong'ambika pasaoneke. Enelesi sankatero. Wogula asanapereke kanthu, iye ankatembenuza chovala n'kumuonetsa chibowo, n'kunena kuti mwaona apa, mukatenga mutenge mukudziwa. Ndinkamunena kuti malonda sayenda choncho. Ankayankha kuti anthu ake amabweranso. Mwana amene ndinkamufunayo anali wa mkazi ameneyo. Ndinaona kuti ndikufuna kumutenga ngati chovala chopindidwa, ndipo wondipindira akhale bambo wa mtsikana amene ndamuwononga.

Ndinabwerera. Che Yusufu anali atayambanso kumanga mpunga. Ndinaima kutsogolo kwa kauntala, kumene amaima ogula.

"Bambo, Lachitatu musapite. Nankafumbwe uja ndine."

Sanadzutse mutu. Anamaliza kumanga kapepala kamene kanali m'manja, anakaika pamzere ndi tinzake, anatenga kena, n'kukabwezanso pansi.

"Munamwa tiyi wanga," anatero. Kenako anati, "Tulukani. Mukafuna kudzabwera, mudzabwere ndi akuluakulu anu, masana, anthu akuona."

Tsopano ndinene mmene ndinabwererera, chifukwa mwina muno muli wina amene ali ndi dzina lachiwiri m'foni mwake.

Masana omwewo ndinakafika kumudzi n'kuwauza a Kachingwe zonse, asanamve kwa wina. Tsiku limenelo sanaseke. Anangofunsa ngati mtsikanayo ali moyo, ndipo nditati inde, anati ndithokoze Mulungu pa chimenecho.

Kufufuta mwakachetechete ndinakana, ngakhale mtima unkafuna. Bodza ukalifufuta limatsala m'mitu ya amene analiwerenga. Ndinalemba pa tsamba lomwelo, ndi dzina langa ndi nkhope yanga, kutchula bodza lililonse palokha: ili ndinapeka, chithunzi ichi ndinadula, dzina ili kulibe munthu wake. Amene ankandiombera m'manja aja ananditembenukira tsiku lomwelo, ndi mawu omwewo, ena mpaka kutchula mkazi wanga. Apo ndinazindikira kuti gulu lija silinali kumbali yanga, silinalinso kumbali ya wina aliyense. Linkangofuna nyama. Patapita masiku mnzanga wina wa m'kalasi, Dalitso, amene ananyamula nawo bokosi la Enelesi, anabwera kudzandiuza kuti mawu a manda aja analemba ndi iye. Ndinamufunsa chifukwa. Anati ankangofuna kuti anthu aseke.

Ndinapita ndekha ku ofesi yoona za ophunzira ndi mapepala a zonse zimene ndinalemba. Anandiimitsa sukulu chaka chathunthu, ndipo kalata yoyeretsa Zainabu ndi mphunzitsi uja inaikidwa pa bolodi. Foni yaikulu ndinapatsa mkulu wa mpingo wathu kuti asunge, ine n'kutsala ndi kafoni ka mabatani. Kachasu sindinasiye kamodzin'kamodzi, ndinagwa kawiri. Chimene chinandithandiza n'chakuti mkulu wa mpingoyo, amenenso anaferedwa mkazi kalekale, ankabwera Lachinayi lililonse n'kumandifunsa za Enelesi, osati za tchimo langa. Ankakonda nyimbo yanji, ankakwiya bwanji. Lachinayi lachitatu ndinalira, ndipo tinachotsa limodzi zovala zija pachingwe. Chaka chimenecho ndinagwira ganyu yosankha fodya pa esiteti ina kufupi ndi Mitundu, pamodzi ndi matenanti ochokera kutali amene sankadziwa n'komwe kuti tsamba la ophunzira n'chiyani.

Kwa Che Yusufu tinapita masana, ine, atsibweni anga ndi mkulu wa mpingo uja. Tinakhala pakhonde, anthu odutsa akuona. Zainabu anatuluka, atawonda moti ndinayang'ana pansi. Ndinapepesa. Anandifunsa funso limodzi, kuti n'chifukwa chiyani sindinangomufunsa, poti nambala yake ndinali nayo. Ndinangobwereza kupepesa.

"Ndamva, achimwene," anatero. "Koma za kukhululuka musandifulumizitse."

Anabwerera ku koleji chaka chotsatira ndipo anamaliza bwino. Ukwati uja sunabwerere. Tikakumana timapatsana moni, basi, ndipo sindipempha zoposa pamenepo.

Tsiku londisudzula linafika mvula yoyamba itagwa. Atatha zonse za mwambo, a Kachingwe ananena za mwana. Anati chithunzi chija sichinawavutitse masiku ambiri. Anafunsa abambo amene anakhala pafupi tsiku la maliro, anamva zimene mtsikanayo ananena, ndipo banja linali litagwirizana kale kuti Tamanda ndidzamutenge. Ankangodikira tsiku.

"Koma bambo a Tamanda," anatero, "munthu amene wachita zotere kwa mwana wamkazi wa mnzake, sitingamupatse mwana wamkazi lero. Chokuthandizani n'chakuti munabwera ndi miyendo yanu kudzanena. Khomo ili n'lotsegula Loweruka lililonse. Zinazo tidzaonanso mwana akadzakula pang'ono."

Sindinatsutse. Ndikanakhala ine pampando wawo, ndikanaweruza chimodzimodzi.

Papita zaka zitatu. Sukulu ndinamaliza, ndikugwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi, ndipo Loweruka lililonse ndimatsika pa Nathenje. Tamanda ali sitandade wani. Kwa agogo ake amati kwathu, kwanga amati kwa adadi. Loweruka lapitali, akundiperekeza kumsewu, anandifunsa kuti bwanji anzake amakhala ndi abambo awo koma iye ayi. Ndinamuuza kuti ndidzamufotokozera akadzadziwa kuwerenga bwinobwino. Zimene ndinalemba zija anthu anazisunga m'mafoni mwawo, ndipo ndikufuna adzazimve kwa ine asanazipeze yekha.

Mwanayo ndi wanzeru. Panopa akutha kale kuwerenga zolembedwa pa maminibasi. Ndatsala ndi chaka chimodzi, mwina ziwiri, kuti ndipeze mawu omuuzira. Inu amene simunalembe, mulibe chodzafotokozera mwana aliyense. Zikomo pondimvera.